Minga Panjira ya M'dimba la Nzimbe

Kalekale, masukulu akadali ofolera ndi udzu, kunali bambo ena dzina lawo a Chikakuda amene anali ndi dimba lalikulu la nzimbe. Pakati pa dimbalo panadutsa kanjira komwe ana ankadzera popita kusukulu, koma anawo sankatulukamo chimanjamanja. A Chikakuda atatopa ndi kutola makoko a nzimbe zawo zomwe, anadula minga ya mthethe natseka njirayo. Kuyambira pamenepo ana ankazungulira kumtsinje, n'kumaoloka pa mtengo umodzi woterera. Ndipo dzinja linali pafupi.

Aphunzitsi awo, Mayi Nazimbiri, anauza kalasi kuti, "Takhala tikuphunzira kulemba chimangirizo chokopa munthu. Nayetu munthu woti mumukope: a Chikakuda." Anasankha ana atatu kuti alembe, akawerenge pamaso pa mwini dimba, aliyense tsiku lake.

Woyamba anali Malizani. Iye anayamba wafufuza kwa akuluakulu, nakaona yekha pomwe madzi analekeza chaka chathacho. Analemba kuti njirayo inalipo dimba lisanalimidwe, kuti mtengo woolokerawo wafumbwa, ndiponso kuti ana aang'onoang'ono ayamba kujomba poopa mtsinje. Zonse zinali zoona, koma za nzimbe zobedwa sanatchulepo. A Chikakuda anakwinya nkhope. "Iwe mwana, wabwera kudzandizenga mlandu pakhomo panga? Wakuba ndasanduka ine?" Komabe m'mawa mwake anthu anawaona kumtsinje akugogoda mtengo uja ndi chikwanje, akupukusa mutu.

Wachiwiri anali Ndaziona. Iye analemba za mng'ono wake Zione, amene anaterereka pa mtengowo. Anafotokoza momwe madzi anamukokolera, momwe anakuwira mayi ake, mpaka pomwe anagwira bango napulumuka. Kunena zoona, Zione anangonyowa mpaka m'mawondo n'kutaya sileti. Zinazo Ndaziona anachita kuthirira mchere. A Chikakuda sanadziwe zimenezo. Anali ndi mdzukulu wa msinkhu womwewo. Akazi awo anati tsiku limenelo bambowo sanakhudze chakudya. Koma minga inali pomwepo.

Wachitatu anali Tsalani. Chimangirizo chake chinayamba ndi mawu akuti, "Agogo, inu mwalakwiridwa." Anatchula thukuta lokumba mizere, kuthirira m'chilimwe, ndi kuwawa kwa kupeza wina atathyola chomwe sanabzale. Anati akanakhala iye, akanatsekanso. Kenaka analonjeza kuti ana onse adzamanga mpanda wa bango mbali zonse za njira, kuti dzanja lisafikire nzimbe. Chifukwa choti njira itsegulidwe sanapereke ngakhale chimodzi, ndipo lonjezolo analipereka asanafunse anzake, amene ena mwa iwo anang'ung'udza atamva.

Kutacha, minga inapezeka itaunjikidwa pambali. Masana a Chikakuda anafika pasukulu akukoka kamwana ka mbuzi.

"Aka n'ka mwana amene wanditembenuza mtima," anatero.

"Ndiye uti, bambo?" anafunsa Mayi Nazimbiri.

"Ndikanadziwa ndikanampatsira kunyumba, mayi. Inu mudaphunzitsa, inu mugamule." Anamangirira kambuziko pa mtengo wa mango, nabwerera kudimba kwawo.

Aphunzitsiwo anaitula nkhaniyo kwa kalasi. Ena anati ndi Malizani, chifukwa mfundo zake zokha ndi zomwe munthu akanatha kupita kukaziona ndi maso, ndipo a Chikakuda anapitadi. Ena anati mfundo zinangowakwiyitsa. Iwo anati amene anawafewetsa mtima ndi Ndaziona. Apo mtsikana wina anaimirira nati, "Nanga tipereke mphotho kwa wokometsera nkhani ndi bodza?" Enanso anati ndi Tsalani, poti ndi yekhayo amene anamvetsera dandaulo la mwini dimba, ndipo minga inachoka atawerenga iye. Koma Malizani anayankha kuti, "Wathyola chipatso pa nthambi yomwe tinaweramitsa ndife."

Belu linalira asanamvane, kambuzi kakulira panja.

Tsono inu mwamva zimene analemba onse atatu, mphamvu zake ndi zofooka zake. Wina ananena zoona zosakoma, wina zokoma zosakhala zoona kwenikweni, wina anapereka lonjezo lomwe silinali lake. Mukanakhala Mayi Nazimbiri, chingwe cha kambuzi kaja mukanachipereka m'manja mwa yani?