Msahafu wa Che Mbalaka

Swaleyi anafika kwa Shehe Ndembo ku Ntaja swala ya masana, pemphero la Asilamu lija, itangotha, ndipo njinga yake anaitsamiritsa pachipilala mwaukali mpaka belu linalira lokha. Anali atavala mkanjo woyera mbee, wosita bwino. Panali patapita miyezi iwiri chibwerereni ku Sudan, kumene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuphunzira za chipembedzo, ndipo pa miyezi iwiriyo panalibe munthu wa m'mudzi mwawo amene anawerengapo Qur'an pafupi naye osadzudzulidwa. Kuwerenga ankadziwa, pamenepo tisamunamizire. Koma ankayenda ngati kuti Chiarabu chonse anabwera nacho m'chikwama chake, ena onse akungobwereka.

Shehe Ndembo anali telala. M'mawa ankaphunzitsa, masana ankasoka pakhonde la sitolo ya mng'ono wawo, ndipo mlendo wosawadziwa akanangowapatsa buluku kuti amupindire miyendo. Komatu mashehe ambiri a dera limenelo anadutsa pamphasa yawo.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salamu, Che Swaleyi. Khalani pabenchipo. Kunyumba aswera bwanji? Nanga bambo anu, Che Mbalaka?"

"Nkhani ya bambowo ndi imene yandiyendetsa," anatero Swaleyi, atakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi. "Mundikhululukire, Shehe, koma mtima wanga wadzaza. Bambo akuwononga mawu a Allah."

Shehe anapitiriza kupalasa makina awo pang'onopang'ono. "Ndikumva. Fotokozani."

"M'mawa uliwonse tikachoka ku swala ya subuhi, ya m'bandakucha ija, amakhala m'chipinda mwawo n'kumawerenga mokweza. Chipinda chawo ndi changa zagundana, ndiye ndimamva zonse. Zilembo zitatu za Chiarabu zija, zimene nsonga ya lilime iyenera kugunda mano akumwamba, iwo angozisandutsa mluzu. Ngati mwana wa tsiku loyamba ku madrasa! Ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti amazidziwa. Ndi iwo amene anandiphunzitsa zilembo zimenezi ndili wamng'ono, ankandiuza kuti tulutsa lilimelo, usalibise. Ndiye uku si kusadziwa ayi. Ndi ulesi, kapena mtima woti mwana sangandiuze zochita."

"Tsono inu mwawathandiza bwanji?"

"Monga mmene tinkachitira kusukulu. Wophunzira akalakwitsa, mphunzitsi ankagogoda patebulo, iye n'kubwereza. Ine ndimagogoda khoma."

"Khoma," anatero Shehe.

"Inde. Akalakwitsa, go! Akabwereza molakwika, go, go! Tsiku lina m'sura imodzi yokha, chaputala chimodzi basi, ndinagogoda maulendo makumi atatu."

Anazinena zimenezi monyadira, mwana wa munthu, ngati mlimi amene akutchula matumba amene wakolola. Mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, amene wakhala akuyamba tsiku lake ndi Qur'an kuyambira mnyamatayu asanabadwe, kumugogodera khoma m'nyumba yomanga yekha! Zinthu zina zimachititsa manyazi ngakhale pozifotokoza.

"Ndiye tsopano aleka," Swaleyi anapitiriza, mawu akukwera. "Sabata ino ndi yachiwiri, m'chipindamo muli zii. M'malo moti akonze lilime, asiya Qur'an imene. Kodi n'zoona zimenezo? Ndabwera kuti mukawadzudzule ndinu, poti inu amakumverani. Mukawauze kuti kuleka kuwerenga chifukwa chonyanyala ndi tchimo."

Makina analeka kulira. Shehe anadula ulusi, napinda nsalu imene ankasoka, naiika pambali. Anavula magalasi awo, n'kumuyang'ana mlendoyo.

"Ndiloleni ndiphunzire kwa inu, Che Swaleyi, poti ine kunjako sindinapiteko. Pamene mphunzitsi wanu ankagogoda patebulo, inu munkakhala muli pati?"

"Patsogolo pake penipeni. Maondo kugundana."

"Maso ake ali pati?"

"Pakamwa panga, Shehe. Ndi mmene zilembo zimaphunzitsidwira. Khutu lokha silikwanira, mphunzitsi ayenera kuona pamene lilime lagunda."

Apa Swaleyi anakhazikika bwino pabenchi, poti nkhani inali italowa m'munda mwake.

"Mwayankha bwino kwambiri," anatero Shehe. "Tsono ndiuzeni. Bambo anu mano akumwamba atsala nawo angati?"

Swaleyi anayesa kuikumbukira nkhope ya bambo ake, ndipo imene inabwera inali ya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ya tsiku limene anamuperekeza kokwerera basi akuseka. Ya masiku ano sankaidziwa. Ankadziwa ndevu zoyera basi, ndi dzanja limene linkapita pakamwa akamayankha moni. Chibwerereni, iye ankadya ndi alendo obwera kudzamuona, bambo ake akudyera okha kuseri. Sanafunsepo chifukwa chake.

"Sindikudziwa, Shehe," anayankha chapansipansi.

Shehe anadzuka, nalowa m'sitolo, natsitsa kanthu pashelefu yapamwamba. Anabwera nako atakagwira ndi manja awiri, kokulungidwa m'nsalu yobiriwira. Atakamasula, Swaleyi anauzindikira nthawi yomweyo. Unali msahafu wa bambo ake, buku lawo la Qur'an, wa chikuto chosokedwa ndi chikopa cha mbuzi, m'mphepete mwa masamba mutada ndi chala.

"Anabwera nawo Lachisanu lapitali," anatero Shehe, ndipo mawu awo sanakwere, koma anauma. "Anati, 'Shehe, mum'patse wina amene ali ndi pakamwa pabwino.' Mano anayi akutsogolo anawachoka inu muli kunja, chaka chino n'chachitatu. Sanakulembereni, poti sanafune kukusokonezani pa maphunziro. Mutayamba kugogodako, anayamba kubwera kuno wapansi, kawiri pa sabata, ndi mwendo wawo wovuta uja. Ankakhala pamene mwakhalapo, thukuta kamukamu, akufunafuna ndi lilime pausinini pamene panali mano. Ine ndikuwayang'ana pakamwa, iwo akubwereza. Ndipo zinayamba kubwera, pang'onopang'ono, osati ngati kale, koma zinkabwera. Akapita nazo kunyumba kuti akayesere, inu go!"

Swaleyi anazolika, Shehe n'kupitiriza.

"Lachisanulo anandifunsa funso. Anati, 'Kodi swala zanga za zaka zitatuzi zapita pachabe?' Munthu wamkulu ngati uja kugwetsa misozi pakhonde la sitolo, anthu akudutsa ndi mitolo yawo. Ndakhala ndikuphunzitsa zaka makumi anayi, Che Swaleyi, ndipo sindikwiya msanga. Koma tsiku limenelo ndinalephera kulowetsa ulusi pasingano. Ndinawauza kuti swala zawo zili bwino, abwerere ndi msahafu wawo. Anakana. Anati mwana wawo ndiye wapita kutali ndi maphunziro, ndiye akudziwa."

Munthu wonyada sagwa kamodzi. Ngakhale manyazi anali atamugwira, Swaleyi anapezabe kamtengo kogwirira.

"Ndalakwa posafunsa, Shehe, ndavomera. Komabe chilembo ndi chilembo. Kodi tizingomva zolakwika n'kukhala chete, poti wolakwitsayo ndi kholo?"

"Ayi, tisakhale chete," anayankha Shehe. "Amene ali ndi mano ndi lilime akonze, ndipo akachita ulesi timudzudzule, kaya ndi kholo kaya ndi shehe. Maphunziro amene mwabwera nawo ndi ofunika, ndipo mudzi wanu ukuwasowa. Koma mwatenga theka lokha. Kugogoda mwabwera nako, kukhala pansi mwakusiya ku Sudan komweko."

Anaukulunganso msahafu uja bwinobwino, naupereka ndi manja awiri. Swaleyi anaimirira poulandira.

"Mukawabwezere lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Mukagwade, mukapepese, ndipo mawa mukachoka ku subuhi mukakhale patsogolo pawo muwapemphe akuwerengereni. Akatha kukonza, muyamike Allah. Akalephera, mukhale chete mumvetsere."

"Nanga akalephera mpaka kalekale, Shehe?"

Shehe Ndembo anavalanso magalasi awo, nakhala pansi, nakoka nsalu ija kuibwezera pansi pa singano.

"Amene anawapatsa manowo ndi Yemweyo amene anawatenga, ndipo akudziwa mmene mawu Ake amamvekera m'kamwa mopanda mano. Zaka zitatu wakhala akuwamvetsera m'mawa uliwonse, ndipo sanawatseke pakamwa. Inu ndinu yani?"