Kalipentala Amene Analeka Kumwa Madzi

Abale anga, ku Mponela kunali kalipentala wina, munthu wodzilemekeza, wovala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tsiku lina akupala thabwa anangoti khu! pansi. Sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa.

Kuchipatala anamuuza kuti akalimbikira mafizo, masewero olimbitsa ziwalo aja, miyezi yoyambirirayi adzayendanso, koma akachedwa mwendo udzauma. Popeza mkazi wake anali atamwalira, anakakhala kwa mwana wake wamwamuna. Mwanayo ankalawirira ku ntchito, ndiye womusamala tsiku lonse anali mpongozi wake, mkazi wa mwanayo.

Koma matendawa anabwera ndi chinthu china chimene sanauze munthu. Mkodzo unkangotuluka wokha, iye osamva. Kalanga ine, mantha ake! Mpongozi, munthu amene umamupatukira panjira, aone buluku lako lonyowa? Mumtima ankati bola kufa.

Ndiye anapeza nzeru, nzeru zake zopusazo. Analeka kumwa madzi. Tiyi ankamukhuthulira kuseri kwa mpando. Tsiku la mafizo likafika ankanamizira mutu, poopa kudzinyowetsera pa kabaza anthu akuona. Namwino atamufunsa ngati akutaya madzi bwinobwino, anayankha kuti palibe vuto.

Inatha miyezi isanu. Milomo inang'ambika, thupi linatentha, mkodzo n'kumawotcha ngati tsabola. Atamunyamulira kuchipatala, dokotala anayesa kuwongola bondo lija, koma linali gwa ngati thabwa la mlombwa. Anapukusa mutu. Anati vuto la mkodzolo ambiri odwala sitiroko amakhala nalo, ndipo akananena msanga akanamuthandiza.

Bambo uja analira ngati mwana, n'kuulula zonse. Mpongozi wake anagwada chapatali, nayankhula chapansipansi:

"Bambo, mkeka wanu ndimauyanika ndine m'mawa uliwonse. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Ndimangodikira kuti munene."

Mwamva, abale? Munthu anataya mwendo pobisa chinthu chimene chinali chodziwika kale. Matendawo si tchimo ayi, musandimve molakwa. Koma ine ndikuchita mantha, chifukwa ena muno tikubisira Mulungu zonyansa zathu chimodzimodzi. Tathawa pemphero, tathawa Mgonero, tikuuma ndi ludzu kuti tioneke oyera. Chimene mukubisacho Iye anachiona tsiku loyamba, ndipo sanakutayeni. Akungodikira kuti munene. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nenani lero, pakuti mtima nawonso umauma, ndipo ukauma suwongokanso.