Mgolo wa Nachanza

Padali mayi wina wogulitsa thobwa, dzina lake Nachanza, amene adatola mgolo wachitsulo wa mowa mumtsinje madzi atasefukira. Udali wopindika, koma madzi unkasunga bwino.

Tsiku lina a Gwedeza, eni bala, adatulukira pakhomo pake.

"Mgolo uwo ndi wanga. Ugubuduzire kwathu msanga, apo ayi ndikuitanira apolisi."

Pakhonde padali mlendo akumwa thobwa. Iyeyu adali atamuuza kale Nachanza kuti watumidwa ndi kampani yofulula mowa kudzafunafuna migolo yobedwa.

Nachanza adagwada mwaulemu.

"Pepani bwana, ine sukulu sindidapite nayo patali. Migolo imafanana. Wanu tiudziwa bwanji?"

"Umbuli! Yang'ana pansi pakepo. Chizindikiro cha kampani ndidachipala ndekha ndi tupa. Kuseri kwa bala ilipo khumi ndi iwiri, yonse yopalidwa chimodzimodzi!"

"Ha, luso lake! Khumi ndi iwiri?" adafunsa Nachanza.

Mlendo uja adatula chikho pansi, natulutsa cholembera.

"Mayi, wopindikawu kampani siufunanso, zisungiranimo madzi. Koma inu bwana, tiyeni mukandionetse lusolo."

Nachanza adatunga thobwa, napatsira a Gwedeza ndi manja awiri.

"Imwani kaye, bwana. Kukhosi kwauma."