Mswaki wa Asiyatu

Swala ya masana itatha, anthu anabalalika, koma Che Bwanali anatsalira pakhonde la mzikiti, akutembenuzatembenuza kamtengo ka mswaki m'manja. Anali munthu wosaphonya sunna, miyambo yotsanzira Mtumiki, ngakhale imodzi, ndipo sankabisa. Koma tsikuli nkhope inali yogwa. Mwana wawo Asiyatu, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali atapezeka ndi khansa ya m'magazi.

Shehe Mdala anatuluka atanyamula nsapato zawo, nakhala pamkeka pomwepo.

"Shehe, mtima wanga suli m'malo," anayamba Che Bwanali. "Adokotala aletsa mwana wanga mswaki wa mtengo. Akuti ndi mankhwala akulandirawa nkhama zake zafewa, zikangokandika magazi sasiya msanga, ndiponso pabalapo pangalowe matenda amene thupi lake silingalimbane nawo. Akuti tizimupukuta mano ndi thonje, azichukucha ndi madzi a mchere."

"Nanga mwatero?"

Che Bwanali anayang'ana pansi. "Mayi ake atero. Koma ine dzulo ndinamupatsa mswaki mobisa. Magazi anatuluka mpaka kunyowetsa kansalu konse. Ndinamuphunzitsa ndekha ali ndi zaka zitatu. Ndikuopa, Shehe. Akatisiya, akaonekere kwa Allah atasiya sunna chifukwa cha mawu a dokotala?"

Shehe sanali munthu wothamangira kuyankha, ndipo ena ankati nkhalambayo yayamba kugontha. Kugontha kunalibe, ankangopima mawu.

"Che Bwanali, za magazi ine sindidziwa kanthu. Ngakhale dzino langa likandiwawa ndimakaima pamzere kuchipatala ngati wina aliyense. Koma ndikufunseni: mswaki tinaphunzitsidwa kuti utichitire chiyani?"

"Kuti m'kamwa muyere."

"Dzulo munayera?"

Misozi inatsikira m'ndevu za bamboyo, ndipo sanaipukute.

"Pitani mukawauze adokotala zimene zachitikazo, lero lomwe, musabise kanthu," anatero Shehe mofatsa. "Thonje lija likayeretsa m'kamwa mwake osamuvulaza, ndiye kuti mwasunga chimene tinalamulidwa. Asiyatu ndi mwana, sanafike msinkhu woti Allah amufunse za mswaki. Koma inu, bambo ake, adzakufunsani za Asiyatu."