Khoswe M'chosema cha Malemu Tovue

Njala ndiyo inatsitsa Kirio Khoswe m'bwato la alendo pa chilumba china pakati pa nyanja yamchere, nthiti zili pamtunda. Mwamwayi wake anafikira pamaliro. Tovue, nkhalamba ya ng'ona, anali atamwalira, ndipo Sakale Nguluwe, mmisiri wa pachilumbapo, anali atamusemera chifanizo chachitali chamtengo, maso a zigoba za nkhono, thupi lonse mizere yofiira ndi yakuda. Ankati mzimu wa malemu umayamba wakhala mmenemo usanapite kwa makolo, choncho ankauikira chakudya patsogolo pake.

Kirio anazungulira kumbuyo, napeza kamphako, nalowamo.

M'mawa Iamata, mwana wamkazi wa malemu, anabwera ndi zilazi zootcha.

"Mwana wanga," anatero Kirio ndi mawu okhuthala, "zilazi zopanda ndiwo?"

Iamata anagwa chagada. "Bambo! Mwayankhula?"

"Njala yandiyankhulitsa. Siya pomwepo, upite osacheuka."

Mbiri inawanda. Sakale, amene ankadziwa bwino lomwe kuti mtengowo anaudula yekha kudambo, anayamba kuyenda motukumuka. "Zosema zanga zimatero," ankauza aliyense. "Enawa amangosema nkhuni."

Tsiku lachiwiri mzimu unafuna nsomba zophikira kokonati. Lachitatu unafuna nsomba, nkhanu ndi nthochi, kenaka n'kudandaula kuti mchere wachepa. Iamata analira ndi chimwemwe. "Ndi iwodi! Bambo sanayamikepo chakudya cha munthu."

Chimene mlendo wadyerayu sanafunse ndi mwambo wa eni dziko. Kumeneko chosema sichisungidwa. Mzimu ukadya katatu, amachitentha kuti mwini wake amasuke, apite.

Masana omwewo Kirio anangomva nyumba yake ikunyamulidwa, ng'oma zikulira, nkhuni zikuthetheka pansi pake. Atasuzumira anaona ng'ona zokhazokha zitazungulira moto, mano onse panja. Apa mantha anamugwira zenizeni.

"Ana anga, sindinakhute!"

"Simunakhutepo chibadwire, bambo," anayankha Iamata mwaulemu. "Muyende bwino."

"Iwe Sakale! Ntchito yokongola chonchi uitenthe?"

"Ndisema china, agogo. Ofuna achuluka kale, mwandithandiza kwambiri."

Utsi unayamba kulowa m'mphako. Kirio anatsokomola, nzeru n'kubwera.

"Chabwino, ndikupita. Koma amene andione ndikutuluka, ndimutenga tipitire limodzi. Tsinzinani nonse!"

Onse anatsinzina. Sakale, mwini zosema zoyankhula uja, mpaka anakwirira mutu mumchenga. Kirio anatuluka, nadutsa pakati pa miyendo ya ng'ona, ndipo akanapulumuka wosapsa ndi tsitsi limodzi lomwe. Koma anakumbukira theka la nsomba limene analisiya m'mphako. Anabwerera, chitsiru chija! Ali mkati moikoka, chosema chinagwera pamoto, lawi n'kumunyambita mchira wonse, mchira waubweya wofewa umene ankaunyadira kuposa amayi ake. Anataya nsomba, nadziponya m'nyanja.

Iamata atatsegula maso anaona nsomba ija ikupserera pamakala. Anaiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili mbwembwembwe.

"Abale, onani," anatero. "Bambo asiya chakudya. Akhuta tsopano, apita mumtendere."

Kirio anavuukira kuseri kwa miyala, mchira uli mbuu ngati nyongolotsi, ndipo ubweya sunamerenso. Zidzukulu zake zimalowabe m'nyumba za eni osafunsa mwambo. Zimangoyamba zanunkhiza ngati muli utsi.