Macheka Opanda Gadi

Kalekale, ngakhale si kale loti nkuiwalika poti ena mwa eni nkhaniyi akadali moyo, pa Kamphambano panali koleji ya ntchito zamanja. Sinali ya boma kapena ya mpingo. Anthu a m'deralo anaumba okha njerwa, nkuimanga kuti ana awo amene sukulu inawathera panjira aziphunzira kusoka, kuwotcherera ndi ukalipentala. Atamaliza anasankha anthu atatu oti aziiyang'anira m'malo mwa onse, ndipo atatuwo ankatchedwa a bodi. Ndiwo ankalemba ntchito mkulu wa koleji, kuika malamulo, ndi kuyankha kwa anthu chinthu chikalakwika. Malipiro panalibe, kupatula tiyi ndi bani tsiku la msonkhano.

Wapampando anali mai Nachisale, mphunzitsi wamkulu wopuma, munthu woti akati eyiti koloko ndiye eyiti kolokodi. Mlembi anali a Bwanali, a golosale ya pamsika, odziwana ndi aliyense ndiponso oopa kudana ndi munthu kuposa mmene amaopera njoka. Wachitatu anali a Zakeyo Mdzinga, kalipentala amene anapala matabwa zaka makumi anayi mpaka msana unakana. Ine mtima wanga uli kwa a Mdzingawa, ndineneretu, koma musatengere ine.

Bodiyi inali ndi lamulo limodzi lomwe inkalisunga kuposa onse. Zaka za m'mbuyo munali membala wina amene ankangolowa m'kalasi ngati m'khitchini mwake, kukalipira aphunzitsi pamaso pa ophunzira, mpaka anathamangitsa mphunzitsi wa zosoka nkuikapo mlamu wake wosadziwa nkulowetsa komwe ulusi m'singano. Aphunzitsi abwino anathawa, ophunzira nkuwatsatira, ndipo chaka chathunthu m'makalasi munkagona mbuzi. Koleji itatsegulidwanso anagwirizana kuti wa bodi payekha asamalankhule za ntchito ndi mphunzitsi, ngakhale ndi mkulu wa koleji. Akaona kanthu alembe kalata kwa wapampando, nkhaniyo ikakambidwe pamsonkhano onse atatu alipo. Tsiku lovomereza lamuloli, woyamba kukweza mkono anali a Mdzinga, ndipo ndiwo anapanga felemu yolipachikira muofesi.

Tsono Lachiwiri lina m'mawa a Mdzinga ankakankha njinga kupita kuchigayo. Podutsa kuseri kwa shedi ya ukalipentala anamva macheka amagetsi akulira, ndipo khutu lawo linawauza kuti kaliridwe kameneko si kabwino. Anatsamiritsa njinga pamtengo nkusuzumira pawindo. Macheka aja anali mano pamtunda. Chitsulo chotchingira manowo, chimene akalipentala amangoti gadi, chinali chitapachikidwa pamsomali kukhoma, wina atakolekapo chipewa chake. Mphunzitsi wa kalasilo, a Thawani, anali atachichotsa poti ati chimachedwetsa ntchito.

Amene ankakankhira thabwa kumano kuja anali Feliya, mkazi yekhayo m'kalasimo. Anali mayi wa ana awiri. Mwamuna wake anapita ku Joni nkungoti zii, ndipo iye anaganiza kuti kusiyana nkudikira munthu wosabwera, kuli bwino aphunzire kukhoma zitseko. Zala zake zinkadutsa pafupi kwambiri ndi manowo.

A Mdzinga anazungulira msanga kupita kukhomo. Phazi limodzi linaponda pasitepe, pakamwa patatseguka kale. Kenaka anakumbukira felemu ija. Akafuula pano, pamaso pa ophunzira, asiyana pati ndi munthu amene anagonetsa mbuzi m'makalasi? Anaima pomwepo, nkubweza phazi lija. Kuchigayo sanafikeko. Anabwerera kunyumba, nalemba kalata, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atakaipereka okha.

Mai Nachisale anaiwerenga kawiri, navula magalasi.

"Msonkhano uli pa 20 mwezi wamawa," anatero. "Ndiiika poyambirira penipeni. Tikayamba ndi kuyendera shediyo tonse atatu, tidzionere tokha."

"Amayi, macheka sadikira msonkhano," anatero a Mdzinga.

"Madala, uja wa mlamu uja nayenso ankati nkhani zake sizidikira. Ine ndikanyamuka pano ndekha kukakalipira anthu chifukwa cha mawu a membala mmodzi, mawa wina adzabwera ndi zake, ndipo ndidzamukana bwanji? Mphunzitsiyo sitinamumve nkomwe mbali yake."

Sanali munthu wouma mtima mai Nachisale. Iwo ndiwo anayenda wapansi mudzi ndi mudzi kupepesa aphunzitsi othawa aja kuti abwerere, ndipo anawalonjeza ndi pakamwa pawo kuti wa bodi sadzawachititsanso manyazi. Lonjezo limenelo ankaligwira ndi manja awiri. A Mdzinga anatuluka chakudya cha tsikulo chitawathera kukoma, komabe anadzitonthoza kuti mbali yawo achita.

Kalata ija inapita kwa a Bwanali kuti ailembe pa ajenda. Patapita masiku atatu a Thawani anabwera kugolosale kudzagula shuga, mwana wakhanda ali kunyumba, nsapato itang'ambika kuphazi. A Bwanali anawayang'ana, chisoni nkuwagwira. Anaganizanso za ophunzira aja, kuti milungu isanu ndi yambiri. Anasuzumira uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Achimwene, simunamve kwa ine. A bodi tikubwera pa 20 kudzaona macheka anu. Bwezeranipo chitsulo chija, mungataye ntchito komanso kupweteketsa ana a eni."

A Thawani anathokoza mpaka kugwira dzanja ndi manja awiri. A Bwanali anatsala akumwetulira okha, poganiza kuti apulumutsa mphunzitsi ndi ophunzira omwe popanda kudikira msonkhano. Lamulo anali ataliphwanya, inde, koma ankati Mulungu akuona cholinga. Chimene a Thawani anamva pa mawu onsewo chinali tsiku lokha.

Pa 20 a bodi analowa m'shedi atatu, mkulu wa koleji ali patsogolo. Pansi panali posesa bwino, ndipo gadi anali pamalo pake, atavindikira mano onse. A Mdzinga anayandikira, nasisita chitsulocho ndi chala. Panalibe utuchi ngakhale pang'ono. Macheka ocheka tsiku ndi tsiku, koma gadi wake woyera ngati mbale ya alendo! Anaponya maso kukhoma, naona msomali uja uli chilili, chipewa chokha chikulendewera.

Atakhala pansi muofesi a Mdzinga anati, "Chitsulo chija achiika lero m'mawa. Tikangotuluka pageti achichotsanso. Alipo wawatsina khutu."

A Bwanali anaweramira m'buku lawo ngati muli nkhani yosangalatsa. Akanati, "Ndine," bwenzi zonse zitaululika pomwepo, koma akanatayanso mpando ndi ulemu wawo pamsika. Anangopitiriza kulemba.

"Bodi imaweruza zimene yaona," anatero mai Nachisale. "Taona gadi ali pamacheka. Sitingalange munthu chifukwa choti chitsulo chake nchoyera."

Anavota, awiri kwa mmodzi, ndipo nkhaniyo inatsekedwa. A Mdzinga anakana tiyi. Popita kwawo anadutsanso kuseri kwa shedi, namva macheka akulira kaliridwe kakale kaja. Anaima pang'ono, nkukweranso njinga. Bodi inali itagamula, ndipo wa bodi sapita kukachita zake payekha bodi itagamula.

Patatha masiku asanu ndi anayi, masana dzuwa likuswa mtengo, thabwa lina la mfundo linadumpha m'manja mwa Feliya. Macheka anatenga chala chachikulu cha dzanja lamanja ndi chinzake cholozera. Ophunzira anamukulunga dzanja ndi malaya nkuthamanga naye panjinga kuchipatala. Moyo unatsala, koma zala sizinabwerere.

A Mdzinga atamva anakhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi. M'mawa mwake anapita kukamuona, atanyamula nthochi zomwe manyazi anawalepheretsa kupereka. Feliya anali chigonere, dzanja lili pachifuwa. Anawazindikira msanga, ndipo sanawakalipire. Bola akanatero.

"Madala, ndinakuonanitu tsiku lija pawindo," anatero motsitsa. "Anzanga anandiuza kuti ndinu kalipentala wamkulu wa kuno. Ndinakondwa, ndimati mukusirira mmene ndikuchekera."

A Mdzinga anatuluka m'chipindamo misozi ili chuchuchu, munthu wamkulu, anthu akuwaona.

A Thawani anachotsedwa ntchito, mkulu wa koleji nayenso, ndipo za awiriwo panalibe wotsutsa. Koma anthu amene anaumba njerwa aja anasonkhana pabwalo la koleji ali okwiya, nati bodi nayo iyankhe. A Bwanali anaimirira ndi kuulula zonse za kugolosale. Ena anati onse atatu achoke. Akuluakulu anakana, poti kuchotsa onse kukanatseketsa koleji, ndipo ophunzira makumi asanu ndi limodzi akanabwerera kumudzi chimanjamanja. Anagwirizana kuti mmodzi yekha asiye mpando, dzina lake lilembedwe kuti ndiye analakwira Feliya, ndipo akagwade pamaso pake m'malo mwa koleji yonse.

"Ndichoka ine," anatero a Mdzinga. "Ndine ndinaona. Anzangawa anangowerenga papepala, koma ine ndinaona mano ndi zala, ndinamvanso machekawo kachiwiri, ndipo ndinali ndi pakamwa."

"Khalani pansi, madala," anatero mai Nachisale, nkhope itagwa. "Inu munachita zimene tinagwirizana, munalemba, munachenjeza, munavota nokha. Mukachoka, pabodi pano atsala ndani womva macheka ndi khutu? Ndine ndinati tidikire, ndipo ndine ndinatseka nkhani."

Apo mphunzitsi wa zosoka, mmodzi wa othawa aja amene anabwerera, anaimirira nati amayiwo akangochoka, iye ndi anzake alongedza, chifukwa ndi okhawo amene anaima pakati pa aphunzitsi ndi aliyense wofuna kulowa m'kalasi ndi ukali. A Bwanali nawo anati woyenera kuchoka ndi iwowo, poti akanatseka pakamwa kugolosale bwenzi bodi itapeza gadi ali pamsomali, ndipo akanatsegula pakamwa muofesi bwenzi chinyengo chitagwidwa. Koma mayi wina kumbuyo anafuula kuti mwa atatu onsewo, a Bwanali okha ndiwo anauzako munthu wa m'shedimo kuti abwezere chitsulo, pamene anzawo ankatumizirana makalata.

Anakangana mpaka mithunzi inatalika, osamvana. Anatuma munthu kukafunsa Feliya kuti asankhe yekha. Iye anati sakudziwa za mipando, chomwe akufuna kudziwa nchakuti agwira bwanji hamala. A Mdzinga anapita muofesi, natsitsa felemu ija pakhoma, naiyang'ana nthawi yaitali. Inali yokhomedwa bwino, makona onse olumikizana osasiya mpata. Anafuna kuiswa, koma anakumbukira mbuzi zija, ndipo anaibwezera pamsomali wake.

Tsono mlanduwu ndautula kwa inu. Pali a Mdzinga, amene anaona ndi maso awo nkusunga lamulo. Pali mai Nachisale, amene anateteza aphunzitsi mpaka macheka anapeza nthawi. Pali a Bwanali, amene analankhula mwachifundo pomwe anayenera kukhala chete, nkukhala chete pomwe anayenera kulankhula. Mpando woti usiyidwe ndi umodzi, ndipo Feliya ali chigonere ndi zala zisanu ndi zitatu. Inuyo mukuti akagwade pamaso pake ndani?