Nkhwali ndi Lamulo Lachitatu la Mkungudza

Paphiri lina panali Nkhwali, mnyamata wa mutu wakuthwa moti sukulu anaisiya yekha ataona kuti aphunzitsi akumuchedwetsa, ndi a Birimankhwe, mlonda wa nkhalango. Mikungudza inali itatsala pang'ono kutha ndi macheka. Nyama zinakhazikitsa lamulo loti wodzala mtengowu akhale ndi chiphaso, ndipo ayambe wamva malangizo onse kwa mlonda.

Chiphasocho Nkhwali anachifuna koopsa, chifukwa Njiwa, mtsikana amene ankamufunsira, anali atanenetsa kuti sakwatiwa ndi mwamuna wongozungulira. Koma a Birimankhwe amalankhula ngati mmene amayendera. Lamulo loyamba, loti mbande zichokere ku nazale osati kukazula kutchire, linadya m'mawa wonse. Lachiwiri linafikitsa dzuwa paliwombo.

"Madala, zotsalazo ndazimva kale," anatero Nkhwali. "Mtengo ndi mtengo. Dzenje, madzi, basi."

"Mwanawe, lachitatu ndi loti..." anayamba a Birimankhwe, mwendo umodzi uli m'malere.

Mwendowo usanaponde pansi, Nkhwali anali atanyamula chiphaso ndi mbande zisanu, zomaliza m'nazalemo, n'kutsetsereka nazo kuchigwa. Anazidzala pamphambano, moyang'anizana ndi khomo la Njiwa. Mtengo wodzala kobisika angakuyamikire ndani? Nkhwali ankauza aliyense wodutsa kuti iye maphunziro a zankhalango anawamaliza pa theka la tsiku.

Dzuwa la Okutobala linabwera ndi ukali wake. Mbande zitayamba kufiira, Nkhwali anafotokozera anthu kuti mkungudza wapamwamba umatero ukamakhwima. Njiwa anagwira kamodzi kokha, masamba onse waa, pansi.

Patatha milungu itatu, a Birimankhwe anatulukira pamphambanopo, fumbi lokhalokha. Anali akulondola Nkhwali kuchokera tsiku lomwe lija. Anaima, diso limodzi pa timitengo touma, lina pa Nkhwali.

"...mkungudza umadzalidwa pamwamba pa phiri pokha, pozizira, pa nkhungu," anamaliza.

Chiphaso anamulanda pomwepo Njiwa akuona, ndipo bwalo linamulamula kulambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango kwa zaka ziwiri. Njiwa anakwatiwa ndi Nkhanga, mbuli yeniyeni imene inakhala pansi masiku anayi kumvera malamulo onse mpaka lachisanu ndi chiwiri. Mikungudza yake, yochokera ku mbande zatsopano za m'nazale, ikukula.

Phunziro: Ife obadwa ndi nzeru tizidikirako mkulu amalize kulankhula. Mawu amene tawathawa amatilondola wapansi, ndipo amatipeza pagulu.